Mdzukulu pa Gombe la Ndere

Ndikulemba mutu uno chifukwa cha inu ana anga awiri, Tiyamike ndi Madalo, ndiponso chifukwa cha kanema wa pafoni amene anazungulira m'mipingo ya ku Woolwich ndi ku Tottenham chaka chimene ndinapuma pa ntchito. Mu kanemayo mukuoneka mayi wachikulire atavala yunifomu ya unamwino ndi chipewa cha mwamuna, ali m'madzi olekeza m'chiuno. Mayi ameneyo ndine. Anthu amene sanalipo ananena kuti Sisita Mbewe anasiya wodwala m'galimoto n'kupita kukasambira, ndipo kuti anachotsedwa ntchito. Sindinawayankhe, popeza si khalidwe langa kukangana ndi anthu pakhomo la tchalitchi. Koma inu mudzakhala ndi ana, ndipo kanema safa. N'chifukwa chake ndiyenera kulemba zimene zinachitika mwadongosolo, kuyambira pamene ndinaphunzira lamulo limene ndinaliphwanya tsiku limenelo.

1991: Dedza

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, boma linanditumiza ku chipatala chaching'ono cha kumidzi m'boma la Dedza. Ndinafika pa lole ya chimanga nthawi ya mvula, ndili ndi sutikesi imodzi ndi nsapato zoyera zimene ndinazikulunga m'nyuzipepala kuopa matope. Chipatalacho chinali ndi mabedi ochepa poyerekeza ndi odwala, moti ena ankagona pa mphasa m'khonde. Magolovesi tinkawachapa n'kuwayanika pa chingwe ngati matewera. Silinda ya okosijeni inali imodzi yokha, ndipo ikatha tinkadikira mpaka galimoto la boma litatikumbukira. Kumeneko ndinaphunzira kumvetsera kapumidwe ka munthu ndi khutu langa, ndi kuyang'ana milomo ndi zikhadabo zake, chifukwa panalibe makina ondiuza kuti wodwala akubanika.

Mkulu wanga anali Mayi Nkhoma, namwino wamfupi, wosaseka wamba. Tsiku lina kunabwera akuluakulu ochokera ku likulu kudzayendera chipatala, ndipo tonse tinauzidwa kuti tikafole panja kuti tiwalandire. Mayi Nkhoma anali pa bedi la mayi wina wa chibayo amene anali pa silinda ija. Mesenjala anabwera kawiri kudzawaitana. Kachiwiriko anamuyankha osacheuka n'komwe: "Kawauze kuti ngati akufuna kundiona alowe muno, koma ayambe asamba m'manja." Alendo atapita, anandiitana nati: "Mwana iwe, sukulu yakuphunzitsa zambiri, koma ichi undimvere ine. Namwino sasiya munthu wobanika. Kaya kwabwera nduna, kaya denga likugwa, sasuntha." Mawu amenewa ndinawasunga zaka zonse za ntchito yanga, ndipo ndinawabwereza kwa anamwino ang'onoang'ono ambiri, ena mpaka kuwaliza.

1999: Maliro a bambo anu

Bambo anu anamwalira ndikugwira ntchito pa chipatala chachikulu mumzinda wa Lilongwe. Munali aang'ono, choncho simukumbukira mwambo wa kumudzi kwawo ku Dowa. Kwathu abale a womwalira saika okha maliro. Ntchitoyo ndi ya adzukulu a kumanda, anthu a m'mudzi amene si a banjalo. Ndiwo amakumba manda, kusambitsa thupi, kunyamula bokosi ndi kukwirira. Alinso ndi ufulu wochita nthabwala pakati pa chisoni, ndipo palibe amene amawaletsa. Mmodzi wa iwo, mayi wina wonenepa amene dzina lake sindinalidziwe, anavala jekete ndi magalasi a bambo anu, amene anali mphunzitsi, natenga kamtengo ngati choko, n'kuyamba kuyenda monga ankayendera iwo m'kalasi, akukalipira ana asukulu osaoneka. Anthu anaseka ali ndi misozi m'maso. Ine ndinapsa mtima, pakuti ndinaona ngati chipongwe.

Koma kumanda, pamene bokosi linkatsitsidwa, miyendo yanga inanditenga yokha kulowera kudzenje. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kukachita. Mayi yemwe uja anandigwira m'chiuno ngati mtolo wa nkhuni, nandikhazika pansi. "Khalani apa, alamu," anatero. "Mwini maliro sagwira khasu. Ntchito iyi ndi yathu, yanu ndi kulira. Ndipo nkhuku yathu musaiwale." Nkhukuyo tinawapatsa monga mwa mwambo. Komabe ndinabwerera ku Lilongwe ndikuonabe kuti nthabwala pa maliro n'zosayenera munthu wophunzira ndi wopemphera, ndipo maganizo amenewo ndinawoloka nawo nyanja.

2003 mpaka 2020: London

Ndinabwera ku England chifukwa malipiro a namwino wamasiye sakanatha kukuphunzitsani. Ndinayamba pa chipatala china cha kumpoto kwa London, ndikukhala m'chipinda chimodzi ku Tottenham, pamwamba pa sitolo yogulitsa ufa ndi nsomba zouma, kufikira pamene ndinatha kukuitanitsani. Kuno magolovesi anali mbwee, okosijeni ankatuluka m'khoma. Chimene chinkasowa ndi anthu. Wodi imene inkafunika anamwino angapo nthawi zina tinkaigwira awiri, ndipo tiyi amene ndinkathira m'mawa ndinkamupeza masana atazizira, ali wosakhudzidwa. Mabwana ndinakhala nawo osiyanasiyana. Ena ankadziwa odwala ndi mayina, ena ankawadziwa ndi manambala a mabedi, ndipo wina anandipempha kuti ndizimwetulira kwambiri chifukwa achibale a odwala ankandiopa. Ndinamuuza kuti ndinalembedwa ntchito yosamala odwala, osati yotsatsa mankhwala otsukira mano.

Pambuyo pake ndinasamukira ku Woolwich kukayang'anira anamwino pa nyumba yosungira okalamba. Atsikana a kwathu ndi a ku Zambia amene ankagwira pansi panga ankanditchula kuti "Matironi" ndikatembenuka, akuyesa kuti sindikumva. Mmodzi ndinamupeza atasiya gogo wa chifuwa yekha m'chipinda, iye ali panja pa foni. "Anti, inali mphindi chabe," anatero. Ndinamuyankha kuti munthu amafa mu mphindi chabeyo, ndipo sanabwerezenso. Ndikutchula zimenezi kuti mudziwe kuti lamuloli sindinkaliona mopepuka. Za chaka cha mliri ndalemba m'mutu wina, ndipo sindibwereza. Chimene ndinganene pano n'chakuti pamene mliri unkachepa mawondo anga anali atatha, ndipo ndinalowa ejensi yotumiza anamwino kukasamala odwala m'nyumba zawo.

2021: Nyumba ya Bambo Desmond

Ejensi inanditumiza ku fulati ina yoyang'ana mtsinje wa Thames, kwa Bambo Desmond, amene anali ndi nthenda ya mtima. Anabadwira pa chilumba china cha ku Caribbean, anabwera kuno ali mnyamata, nayendetsa mabasi mpaka kukalamba. Mkazi wawo anali Amayi Tisauke Zulu, a ku Katete ku Zambia, amene anagwira ntchito yochapa zovala m'chipatala kwa zaka zambiri. Tsiku loyamba atamva dzina langa anasiya Chingerezi pomwepo. "A Sisita, ndimwe a kumudzi kansi? Manje nizakamba bwino. Uyu mwamuna zaka zonse izi adziwa chabe 'bwera' na 'nipatse'."

Bambo Desmond anali munthu wa nthabwala, wovala chipewa chabulauni ngakhale ali pa mpando m'nyumba. Iwo ankatchula mkazi wawo kuti Tisa. Ankaloza Thames ndi ndodo n'kunena m'Chingerezi kuti amenewo si madzi koma tiyi amene wina anamuiwala pa tebulo. Kenako ankayamba kufotokoza za gombe la kwawo, kum'mawa kwa chilumba, kumene ankasambira ali mwana: mchenga woyera ngati ufa, madzi oti munthu ataima m'menemo amaona zala za kumapazi. Akafuna kudzuka ankakankhira chipewa kutsogolo, nagwira m'chiuno, nati m'Chingerezi: "Tisa, mkazi iwe, ndisiye ndipumeko!" pamene Amayi sanawakhudze n'komwe.

Bambo Desmond anamwalira chaka chotsatira. Anali atalamula kuti thupi lawo liotchedwe, ndipo phulusa likathiridwe m'madzi a pa gombe lija. Ine sindigwirizana ndi kuotcha anthu, ndipo ndinawauza Amayi mosabisa kuti munthu amaikidwa m'nthaka. Anandiyang'ana nati: "A Sisita, anakwatira imwe kapena ine? Ninamulonjeza. Nizamupereka na manja anga aya." Kabokosi ka phulusa anakaika pamwamba pa kabati, chipewa chija pamwamba pake. Ejensi inandisiya pa nyumba yomweyo, popeza Amayi nawonso anali ndi nthenda ya m'mapapo imene inkakulirakulira, ndipo anali atayamba kupumira okosijeni usana ndi usiku.

2023: Ulendo

Madokotala anawaletsa Amayi kukwera ndege. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Marcia, wobadwira kuno, amene amamva Chinyanja koma amayankha m'Chingerezi, anapeza sitima yapamadzi ya alendo okaona malo, yonyamuka ku Southampton n'kukaima pa zilumba zingapo, chimodzi mwa izo chili cha bambo ake. Pa chilumbacho sitima inkayenera kuima usana umodzi wokha. Marcia anakonza zikalata zonse zololeza phulusa, ndipo ejensi inavomera kuti ndiwaperekeze. Bwana wanga, Mayi Pell, mzungu waulemu wolankhula motsitsa, anandiitana ku ofesi. "Florence, ndikutumiza inu chifukwa simuphwanya malamulo," anatero. "Mukatsika sitima, musawasiye ngakhale pang'ono." Ndinawauza kuti lamulo limenelo ndinalidziwa iwo asanamalize sukulu.

Tinanyamuka chakumapeto kwa nyengo yozizira. Za panyanja sindinena zambiri. Ine ndine wa kumapiri a ku Ntcheu, sindidziwa kusambira, ndipo masiku oyamba ndinkayenda chogwira makoma. Marcia ankasanza m'mawa uliwonse, akuti ndi mafunde, koma mzamba samunamiza. Tsiku lina ndinamufunsa kuti ndi miyezi ingati, ndipo anagwira pakamwa. Anali asanawauze n'komwe amayi ake, ndipo sunali udindo wanga kuwauza.

Pa chilumba choyamba ndinawatengera Amayi ku gombe lina la pafupi ndi doko kuti ndione mmene angapirire kutentha. Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba ndere za m'nyanja, kamzere kofiirira m'mphepete mwa madzi, thirakitala likuzikankhira pambali alendo asanachuluke. Azungu ena a m'sitima mwathu ankadandaula kuti zikuwaonongera zithunzi. Amayi anaseka nati: "Izi chabe? Kwathu tingaphike ndiwo." Koma madzulo ake dokotala wa m'sitima anandiitana. Anandiuza kuti chaka chimenecho nderezo zinabwera msanga ndiponso zochuluka, ndipo zimene tinaonazo zinali zochepa, chifukwa madoko ali kumbali yobisika. Magombe oyang'ana kum'mawa anali atakwiririka. Ndere zikamaola zimatulutsa mpweya woipa umene umapweteka ngakhale munthu wabwinobwino, nanji wa mapapo ngati a Amayi. Anatilangiza kuti tikafika pa chilumba cha Bambo Desmond tipite ku magombe a kumadzulo, kumene alendo onse ankatengeredwa.

Ndinawafotokozera Amayi zonsezi mosachotsera. "Madzi ndi amodzi, Amayi," ndinatero. "Kumadzulo ndi nyanja yomweyo." Anapukusa mutu. "Imwe mukakamba kuti akuikeni kwanu ku Ntcheu, mungavomere akuikeni ku Balaka chifukwa dothi ni limodzi?" Ndinangowauza kuti tikaone kaye, ndipo ndikanena kuti tibwerere, tibwerera. Sanavomere, sanakane.

Tsiku la pa chilumba

Tinatsika m'mawa, Amayi ali pa chikuku, kabokosi ndi chipewa zili pa miyendo, ine nditabereka chikwama cha masilinda ang'onoang'ono. Pa doko panali phokoso la ogulitsa malonda ndi oyendetsa matakisi. Ambiri atamva dzina la gombelo anaseka, wina anagwira mphuno. Amene anavomera anali Bambo Errol, munthu wachikulire wa galimoto lalikulu. Marcia atawafotokozera chimene chinali m'kabokosi, anazimitsa wailesi, ndipo sanaiyatsenso tsiku lonse. Anangotikumbutsa kuti sitima sidikira munthu wochedwa.

Tinadutsa m'minda ya nzimbe ndi m'midzi ya nyumba zamatabwa, n'kukwera phiri. Fungo linatipeza nyanja tisanaione, fungo la mazira ovunda, lolowa ngakhale mawindo atatsekedwa. Titakhota pa ngodya ina, gombe linaonekera pansi pathu. Ndinaonapo namasupuni atatseka mtsinje wa Shire, koma izi zinali zina. Mchenga woyera uja kunalibe. Ndere zinali zitaunjikana ngati mizere ya m'munda waukulu, zakuda kumtunda kumene zinkaola, ndipo m'madzi zinkayandama mtunda wautali, moti mafunde ankafika ngati phala, opanda thovu. Kutsogolo kwa zonsezo ndiye kunali madzi obiriwira amene Bambo Desmond ankatiuza.

Pamene galimoto linkatsetsereka, ndinamva kapumidwe ka Amayi kakusintha. Sindinafunikire kachipangizo ka pachala koyezera mpweya. Milomo yawo inali itayamba kuda. "Bwererani," ndinauza Bambo Errol. Anatembenuza galimoto natikweza pa katchalitchi kena pamwamba pa phiri, pamene mphepo inkaomba chopingasa ndipo fungo linali lochepa, koma gombe likuoneka bwino. Ndinawonjezera okosijeni, ndinawapopera mankhwala, ndinadikira. Milomo itabwerera mwakale, mawu awo oyamba anali akuti: "Manje tiyeni."

"Simutsikira kumeneko, Amayi."

"Nizatsika. Ngati simufuna kunikankha, nizakwawa."

"Mukafika pansi paja simubwerako."

"Nanga ni vuto? Nizagona pafupi na mwamuna wanga."

Anayamba kumasula lamba wa pampando, ndipo ndinadziwa kuti sakuseka. Marcia anagwada pakhomo la galimoto akulira, nati apita yekha ndi kabokosiko. Ndinamuyang'ana, iye anandiyang'ana, ndipo anawauza amayi ake pomwepo kuti ali ndi pakati. Amayi anamugwira kumaso nthawi yaitali. "Iwe siuyenda," anatero. "Wapakati sayandikira manda. Nizayenda neka." Bambo Errol ananena kuti akhoza kupita iwo, koma Amayi anakana, nati munthu wosamudziwa Desmond sangamupereke. Inenso sindikanalola kuti woyendetsa achoke pa galimoto, pakuti zinthu zikanavuta ndiye akanathamangira nawo kuchipatala.

Ndinaima pambali pa galimoto ndikuganiza. Kuwabweza kusitima mokakamiza kunali kotheka, ndipo lamulo likanandiikira kumbuyo. Koma ndinali nditasamala odwala okwanira kuti ndidziwe zimene zimachitika kwa munthu amene walandidwa chinthu chomaliza chimene ankachikhalira moyo: amatembenukira kukhoma, nasiya kudya. Kuwatsitsira ku gombe kunali kuwapha ndi manja anga. Njira yachitatu inali yakuti ndipite ine, ndipo imeneyo inali kusiya wodwala wa pa okosijeni, chimene sindinachitepo chichokere ku Dedza. Ndinadzifunsa ngati Mayi Nkhoma akanandimvetsa. Sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndinadziwa n'chakuti lamulo lawo linali loti munthu apume, ndipo pa phiri limenelo Amayi akanapuma pokhapokha wina atatsika m'malo mwawo.

Vuto linali lakuti sakanandipatsa kabokosiko monga namwino. Namwino anali atawaletsa kale zinthu zambiri, mchere, mafuta, masitepe, ndipo tsopano ankafuna kuwaletsa lonjezo lawo. Ndinamuonetsanso Marcia kasinthidwe ka silinda, ndinamuuza zoyang'ana pa milomo, ndinauza Bambo Errol kuti akaona chachilendo alize hutala kosalekeza, ndipo kukafunika anyamuke osandidikira. Kenako ndinachita chimene simunandionepo ndikuchita. Ndinatenga chipewa pa miyendo ya Amayi, ndinachivala, ndinachikankhira kutsogolo, ndinagwira m'chiuno, n'kuyamba kuyenda chokoka mwendo kutsogolo kwa galimoto.

"Tisa, mkazi iwe!" ndinatero ndi mawu aakulu. "Zaka zonsezi wandilondola kukhitchini, wandilondola kubafa, lero ukufuna undilondolenso kumadzi? Ndisiye ndipumeko!"

Marcia anasiya kulira, kukamwa kuli yasa. Amayi anandiyang'ana ngati ndapenga. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, naseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika m'mbali mwa timapaipi ta m'mphuno.

"A Sisita, mwachita bwanji?"

"Palibe Sisita pano. Ndine mdzukulu. Kodi ku Katete mwini maliro amagwira khasu?"

"Sagwira."

"Nanga inu mukufuna kuyambitsa mwambo wa kuti? Mwamubweretsa ndi manja anu mpaka kwawo. Pano mwafikapa ndi pasiwa, kotsalaku ndi kwathu. Khalani apa mulire, muziona. Ndipo nkhuku yanga musaiwale."

Anagwira kabokosiko akulankhula nako motsitsa, mawu amene si anga kuwalemba. Kenako anakaika m'manja mwanga. "Osamutaya pa zoola zija," anatero. "Pa madzi abwino." Ndinawalonjeza.

Ndinatsika ndi kanjira ka miyala nditavala zophimba pakamwa ziwiri, zimene sizinathandize kwenikweni. Maso ankawawa, mutu unayamba kugunda. Pa gombe nsapato zanga zoyera zinamira pomwepo, ndipo imodzi sindinaipezenso. Ndere zinali zofunda, zoterera, zodzaza tizilombo todumpha. Panali mayi mmodzi amene ankazikokolola ndi chokokolera cha mpini wautali, atamanga nsalu pakamwa. Anaona chipewa, anaona kabokosi, ndipo sanafunse zambiri. Dzina lake anati ndi Verna. Bambo Desmond sankawadziwa, anati amene anachoka nthawi imeneyo ndi ambiri. Nditamuuza kuti ndiyenera kufika pa madzi oyera koma sindidziwa kusambira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati m'Chingerezi cha kwawoko: "Mayi, mwavala ngati mukukaonana ndi bishopu. Gwirani mpiniwu, musausiye."

Anatsogola iye akukankha ndere, ine ndikutsatira, dzanja limodzi lili pa mpini. Kabokosi ndinakasenza pamutu, pamwamba pa chipewa, monga ndinkasenzera ndowa ndili mtsikana. Madzi anafika m'mawondo, kenako m'ntchafu, kenako m'chiuno, ndipo funde lililonse linkandikankha ndi katundu wake wa ndere. Mantha ndinali nawo. Makutu anga anali kuphiri, kumvetsera hutala, koma sinalire. Pomalizira pake ndere zinayamba kupatukana, ndipo ndinayang'ana pansi n'kuona zala za phazi langa lopanda nsapato. Bambo Desmond sananame. Ndinatembenukira kuphiri, ndinakweza kabokosi kuti Amayi aone, ndinapemphera Pemphero la Ambuye m'Chichewa, Verna akuti amen paliponse pamene ndapuma. Kenako ndinawerama n'kutsanulira phulusa pafupi ndi madzi kuti mphepo isalitenge. Panayera pang'ono, madzi n'kulitenga. Apa ndi pamene Marcia anajambula kanema uja ali kuphiri, kuti amayi ake aone pafupi.

Ndinakwera phiri ndi nsapato imodzi, ndikununkha moti Bambo Errol anayala mapepala apulasitiki pa mpando. Choyamba ndinayang'ana milomo ya Amayi. Inali bwino. Anali akuimba motsitsa nyimbo ya maliro ya kwawo, dzanja lili pa mimba ya mwana wawo. Atandiona anasiya.

"A mdzukulu, mwamuika bwino?"

"Ndamuika pa madzi abwino."

"Zikomo. Koma chisote cha mwamuna wanga mwachiphwanya."

Tinafika pa doko nthawi ilipo, ndipo alonda a pakhomo la sitima anandipatsa njira mofulumira kuposa masiku onse.

Titabwerera ku Woolwich

Ndinalemba zonse mu lipoti la tsiku limenelo, monga ndinkachitira nthawi zonse, osachotsapo kanthu. Mayi Pell anawerenga lipotilo, anaonanso kanema, amene Marcia anatumizira abale ndipo abale anatumizira dziko lonse. Anandiitana. Sanakalipe. Anati akumvetsa, koma ejensi ili ndi malamulo ake: ndisainire kuti ndinalakwitsa posiya wodwala, ndikachite maphunziro okumbutsa udindo wa namwino, nkhani ithere pomwepo.

"Kuti ndinawasiya ndalemba kale ndekha," ndinatero. "Kuti ndinalakwitsa sindisainira."

"Florence, ndi mawu chabe."

"Ine mawu chabe sindisainira. Mukanakhala inu pa phiri paja mukanatani?"

"Ndikanawabweza kusitima."

"Mukanatsata lamulo, ndipo sindikanakudzudzulani. Ine ndinasankha zina, ndipo zitabwereranso ndingasankhe zomwezo."

Anandipatsa nthawi yoti ndikaganize. Sindinaifune. Ndinapereka kalata yopuma pa ntchito sabata yomweyo, mawondo atatha kale. Palibe amene anandichotsa, ndipo chiphaso changa cha unamwino chinakhala chopanda banga mpaka ndinachisiya ndekha. Mayi Pell sindiwasungira kanthu kukhosi. Anagwira ntchito yawo.

Patapita milungu ingapo, Loweruka lina masana, belu la pakhomo linalira. Anali Marcia, mimba itayamba kuoneka, akukankha chikuku. Amayi anali ndi jumbo pa miyendo, ndipo m'jumbomo munali nkhuku yolimba ija ya pa msika wa Woolwich, yathunthu, mutu ndi mapazi omwe. "Yamoyo akana kunigulitsa," anatero Amayi. "Landirani, a mdzukulu, mungazanikambe kumudzi." Madalo, iwe unalipo tsiku limenelo ndipo unadya nawo, koma sunafunse kuti nkhukuyo inali ya chiyani. Amayi Zulu anakhala ndi moyo mpaka anamuyangata mwana wa Marcia, namuimbira, ndipo anamwalira chaka chatha pa bedi lawo. Iwo anasankha kuikidwa m'nthaka. Chipewa chophwanyika chija anandisiyira ine, ndipo ndi chimene mumachiona pa msomali kuseri kwa chitseko.

Wokayika asafunse kanema, afunse amene analipo. Pa phiri ndi pa gombe tsiku limenelo panali awa:

Amayi Tisauke Zulu, a ku Katete, mwini maliro, amene sanagwire khasu.

Marcia, mwana wawo, amene anasunga silinda.

Mwana amene anali m'mimba mwa Marcia, amene tsopano akuyenda.

Bambo Errol, woyendetsa galimoto, amene sanalize hutala.

Mayi Verna, wa chokokolera, amene sindinamuonenso.

Ine, Florence Mbewe, namwino ndi mzamba, mdzukulu wa tsiku limodzi.

Bambo Desmond, amene tinapita nawo, ndipo anatsala kwawo.